Kebulo ya kilatchi pa Volkswagen Beetle: kupeza vuto ndi kulikonza

Beetle yakale, kuphatikizapo zija zinkapangidwa ku Uitenhage ku South Africa mpaka 1979, imayendetsa kilatchi ndi kebulo yachitsulo. Kebuloyi imakoleka pa ngowe ya pedulo, n'kudutsa m'paipi yobisika mkati mwa msana wa galimoto (chitsulo chotukuka chodutsa pansi pakati pa mipando), n'kutulukira kumbuyo chakumanzere kwa giyabokosi. Isanafike pa mkono wa kilatchi, womwe ndi kachitsulo ka pa giyabokosi kamene kebulo imakoka, imadutsanso m'kapaipi kopindika kotchedwa Bowden.

Musanamasule chilichonse, kanikizani pedulo ndi dzanja osati phazi. Iyenera kutsika yopepuka mamilimita 10 mpaka 20 isanayambe kulimba. Mpatawu ukakula, kilatchi simasuka bwino ndipo giya imakukuta polowa, makamaka rivesi. Ukasoweratu, injini imalira kwambiri pachitunda koma galimoto osathamanga, ndipo beringi yokankha kilatchi imatha msanga poti imangozungulira osapuma.

Kuchuna n'kosavuta. Kwezani galimoto ndi jeke, muikire zochirikiza zolimba, muchotse tayala lakumbuyo lakumanzere. Kumapeto kwa kebulo kuli nati ya mapiko, pomwe galimoto zakale kwambiri zili ndi manati awiri. Gwirani chitsulo cha kumapeto kwa kebulo ndi pulayazi kuti isapotoke, kenako mangani natiyo ngati mpata wakula, kapena ibwezeni ngati wachepa. Zungulitsani theka lokha nthawi iliyonse, natiyo ikhazikike m'malo mwake pa mkono, mupondeponde pedulo, muyezenso.

Ambiri amathera pomwepa, koma kebulo yomwe ikufuna kumangidwa sabata ndi sabata ikukuuzani kanthu. Mwina timawaya take tikuduka kamodzikamodzi, kawirikawiri pafupi ndi ngowe pomwe maso safika. Mwinanso paipi ya mkati ija yathothoka pomwe anawotcherera. Uzani wina aponde pedulo inu mutatchera khutu pamsana wa galimoto: mukamva kugogoda mkatimo, ndi paipiyo, ndipo kebulo yatsopano sithandiza mpaka awotchererenso.

Kapaipi ka Bowden nako kasamaleni. Sikayenera kuwongoka, kayenera kugwa pakati ngati uta, mamilimita 25 mpaka 45. Kupindikaku ndiko kumameza kugwedera kwa injini ndi giyabokosi. Kakawongoka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, ndipo anthu amatsitsa injini n'kugula kilatchi yatsopano pomwe vuto linali la mawasha awiri kapena atatu. Mawashawo amalowa pakati pa kapaipiko ndi chogwirira chake pa giyabokosi. Musapyoze muyezo, chifukwa kakapindika kwambiri pedulo imalemera ndipo kebulo imadyeka.

Pedulo ikagwa mpaka pansi osabwerera, pitani kumbuyo mukakoke kebulo. Ikasololoka, yaduka kapena yachoka pa ngowe. Ikakhala yolimba koma mkono wa kilatchi uli wolobodoka, vuto lili mkati ndipo injini itsike.

Posintha, masulani nati yakumbuyo, chotsani kapaipi ka Bowden, kenako kutsogolo mulekanitse kebulo ya mafuta ndi kandodo ka buleki, mumasule mabawuti a mapedulo. Sololani kebulo yakale chakutsogolo ndipo mupite nayo kogula, poti kutalika kumasiyana malinga ndi chaka cha galimoto. Yang'anani ngowe: ngati yadyeka n'kukhala yakuthwa, idzadulanso yatsopanoyo. Pakani girizi kebulo yonse, muilowetse m'paipi kuchokera kutsogolo, moyamba ndi mbali ya mazinga. Apa ndi pomwe pamafunika anthu awiri. Mukakoleka diso la kebulo pa ngowe, pedulo ikhale chiimire, mnzanu akoke kebulo kumbuyo mpaka nati italowa. Pedulo ikangogwera chakumpando, diso limavuka ndipo mumayambiranso.

Musanabwezere tayala, onani lamba wachitsulo wa magetsi wolumikiza giyabokosi ndi thupi la galimoto. Akaduka kapena kuchita dzimbiri, moto wa sitata umadzera m'kebulo ya kilatchi, n'kumaitentha pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukaliza injini. Palani malo olumikizirawo mpaka chitsulo chiwale, mumange zolimba, ndipo mukayenda masiku angapo muyezenso mpata wa pedulo, chifukwa kebulo yatsopano imatanuka pang'ono.