Momwe mungagawire netiweki ya pa loji kapena pa ofesi kuti alendo asafike pa makompyuta anu

Mwezi wathawu ndinapita kukathandiza pa loji ina ku Katoto, muno mu Mzuzu. Nditangolumikiza foni yanga ku Wi-Fi ya alendo, ndinaona pulinta ya ku ofesi, kompyuta yolembera malisiti, ngakhalenso bokosi losunga zithunzi za makamera. Zinandipweteka mtima, chifukwa mwini malowo anagula zipangizo zabwino ndithu, koma zonse anaziunjika pa netiweki imodzi, ngati kugoneka mlendo m'chipinda mmene muli ndalama. Zimenezi ndaziona ku Luwinga, ku Chibavi ndi m'maofesi a m'tauni muno. Mankhwala ake ndi VLAN, ndipo simufunika kukoka mawaya atsopano.

VLAN ndi njira yogawira switch imodzi, bokosi lolowetsamo mawaya a netiweki, kuti izigwira ntchito ngati maswitch angapo osamvana. Lamulo lake limatchedwa IEEE 802.1Q: deta ikamayenda pa waya, imamatidwa kachizindikiro ka mabaiti 4 kokhala ndi nambala ya gulu lake, kuyambira 1 mpaka 4094. Mufunika switch ya managed (yoti mutha kulowamo n'kusintha kagwiridwe kake), rauta (yolumikiza netiweki yanu ku intaneti) yodziwa VLAN monga ya MikroTik, ndi access point (youlutsa Wi-Fi) yotha kuulutsa mayina angapo a Wi-Fi. Ka switch kotchipa kongolowetsa waya basi sikangathe ntchito imeneyi, musavutike nako.

Yambani ndi pepala, kompyuta ikudikireni. Lembani magulu a zinthu zimene muli nazo ndipo gulu lililonse mulipatse nambala ndi maadiresi ake. Ine ndimakonda kuti nambala ya VLAN izioneka mu adiresi kuti ndisamasokonezeke. Ofesi ikhale VLAN 10 pa 192.168.10.0/24, alendo VLAN 20 pa 192.168.20.0/24, makamera VLAN 30 pa 192.168.30.0/24. Ka /24 kali kumapetoko kakutanthauza kuti mwa mabiti 32 a adiresi, 24 oyambirira ndi dzina la netiweki, otsala 8 ndi a zipangizo. Amenewo amapereka maadiresi 256, koma woyamba ndi womaliza sapatsidwa chipangizo, ndiye mumatsala ndi 254. Ngati pamalo panu pamachitika misonkhano kapena maukwati, 254 amatha msanga, poti munthu mmodzi amabwera ndi foni ziwiri ndi laputopu. Apo alendo apatseni 192.168.20.0/23, mupeza maadiresi 510. Maadiresi oyamba ndi 192.168 ndi a m'nyumba mokha, pamodzi ndi oyamba ndi 10 ndiponso a pakati pa 172.16 ndi 172.31. Sayenda pa intaneti. Rauta ndiyo imawabisa kuseri kwa adiresi imodzi yakunja, ntchito imene imatchedwa NAT.

Mukamaliza pa pepala, pitani pa switch. Apa pali mawu awiri oti muwagwiritsitse. Poti ndi bowo lolowetsamo waya, ndipo poti ya access ndi ya gulu limodzi lokha: mukalowetsamo pulinta, pulintayo sidziwa n'komwe kuti kuli VLAN, switch ndiyo imamata ndi kumatula chizindikiro. Poti ya trunk imanyamula magulu angapo pa waya mmodzi, chilichonse chili ndi chizindikiro chake. Choncho mapoti a makompyuta, pulinta ndi makamera akhale access. Waya wopita ku rauta, wopita ku access point ndi wopita ku switch ina akhale trunk, ndipo mulembe kuti akuloleza 10, 20 ndi 30. Ambiri amagwa pomwepa. Amaika trunk mbali imodzi n'kuiwala mbali inayo, kenako n'kumati chipangizo ndi chakufa.

VLAN 1 isiyeni, ndi imene switch imabwera nayo kuchokera ku fakitale, ndipo poti iliyonse imene mwaiwala imagwera kumeneko.

Ndikuchenjezeni ndi mtima wonse: n'zotheka kudzitsekera kunja. Siyani poti imodzi yoti muzilowerapo inuyo, ndipo muilembe ndi cholembera. Pa MikroTik dinani Safe Mode mu Winbox, pulogalamu yosinthira zinthu pa rautayo, musanasinthe kanthu, chifukwa kulumikizana kukaduka rauta imabweza zonse mwakale. VLAN filtering ya pa bridge, imene ndiyo imayambitsa kulekanitsa maguluwo pa MikroTik, muyatse pomalizira penipeni, zina zonse zitakhala m'malo.

Tsopano rauta. Pangani interface ya VLAN iliyonse ndipo muipatse adiresi yoyamba ya gululo, monga 192.168.10.1 ndi 192.168.20.1. Imeneyo ndiyo gateway, chipata chotulukira. Kenako gulu lililonse likhale ndi DHCP yakeyake, amene ndi wogawa maadiresi. Foni ikalowa imafuula kufunsa ngati pali wogawa, rauta imayankha ndi adiresi, foni imapempha kuti itenge imeneyo, rauta n'kuvomera. Mauthenga anayi amenewa, Discover, Offer, Request ndi Acknowledge, amadutsa pa mapoti 67 ndi 68 a UDP, amene ndi manambala chabe a mauthengawo, osati mabowo a pa switch. Adiresiyo ndi yobwereka kwa nthawi yoikika. Alendo abwerekeni maola awiri kapena atatu, kuti wongodutsa kudzadya nkhomaliro asachoke nayo adiresi tsiku lonse. Ku ofesi tsiku lathunthu lili bwino. Pulinta ndi bokosi la makamera zipatseni maadiresi osasintha, kunja kwa amene DHCP ikugawa: DHCP iyambire pa 50, zipangizo zokhazikika zikhale pansi pa 50.

Pali vuto lina limene landidyera masiku ambiri. Wantchito amabweretsa karauta kake kakunyumba n'kukalowetsa pakhoma kuti Wi-Fi ifike kukhitchini. Karautako nako kamayamba kugawa maadiresi, ndipo theka la makompyuta limatenga gateway yolakwika. Intaneti imangoti lero ilipo mawa kulibe. Ngati switch yanu ili ndi DHCP snooping, yotsekereza ogawa maadiresi osavomerezeka, iyatseni, ndipo poti yochokera ku rauta yeniyeni yokha ndiyo ikhale yokhulupirika.

Ntchito yeniyeni ili pa firewall, mlonda wa mu rauta wosankha deta yoti idutse ndi yoti isadutse, ndipo mukadumpha apa zonse mwachitazi ndi zachabe. Switch yalekanitsa magulu, inde, koma rauta ntchito yake ndi kulumikiza manetiweki, ndiye mukaisiya imawalumikizanso mosangalala. Malamulo a firewall amawerengedwa kuchokera pamwamba, ndipo loyamba kugwirizana ndi deta ndilo limagwira ntchito, otsatirawo sayang'anidwanso. Pamwamba ikani lamulo lololeza mayankho a kulumikizana kumene kwayamba kale, established ndi related. Kenako loletsa chilichonse chochokera ku VLAN 20 kupita ku 10 ndi 30. Kenako lololeza alendo kupita ku intaneti. Ofesi iloledwe kuona makamera, koma makamera asaloledwe kuyamba okha kulankhula ndi ofesi. Musaiwale rauta yeniyeniyo: mlendo amangofunika DHCP ndi DNS (yomasulira mayina a masamba kukhala manambala) ya pa poti 53 kuchokera kwa iyo, tsamba losinthira zinthu asalione. Pa access point, dzina la Wi-Fi ya alendo mulimangirire ku VLAN 20 ndipo muyatse client isolation kuti alendowo asaonanenso okhaokha.

Yesani musanauze bwana kuti zatheka. Lowani ngati mlendo pa laputopu, tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig. Mukaona adiresi yoyamba ndi 192.168.20 (kapena 192.168.21 ngati munasankha /23), zili bwino. Mukaona yoyamba ndi 169.254, kompyuta yadzipatsa yokha chifukwa DHCP sinayankhe, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi trunk imene ikusowa VLAN ija. Kenako lembani ping 8.8.8.8, kuti muone ngati mukufika pa intaneti. Ikayankha koma masamba osatseguka, vuto ndi DNS, yomasulira mayina kukhala manambala, nslookup ikuuzani. Pomaliza yesani ping ku pulinta ya ofesi. Apa mukufuna kuti ikanike.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi lakuti bwana aone bwanji makamera ali ku Lilongwe. Onani adiresi yakunja ya rauta yanu. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti kampani ya intaneti ikugawana adiresi imodzi pakati pa makasitomala ambiri, ndipo port forwarding, kutsegulira anthu akunja njira yofikira chipangizo cha mkati, sigwira ngakhale muitchere bwino chotani. Pemphani adiresi ya public, kenako muziloweramo kudzera pa VPN, njira yotetezedwa yolowera mu netiweki yanu muli kutali, monga WireGuard. Kutsegulira kamera molunjika ku intaneti ine sindivomereza.

Zonse zikayenda, sungani backup ya rauta ndi ya switch pa flash, pamodzi ndi chithunzi cha pepala lija. Mvula ya kuno imabwera ndi ziphaliwali, ndipo waya wodutsa panja kupita ku nyumba ina umatha kubweretsa mphenzi mpaka mu switch. Wayayo asapitirire mamita 100, muikireni chotetezera, ndipo rauta ndi switch zikhale pa UPS imodzi, batire yogwirizira magetsi akazima, kuti magetsi akabwera zisadzuke mosiyana.