Kudzutsa munda wouma gwa ku Golomoti

Mwafunsa, achimwene, kuti mutani ndi munda wanu wa ku Golomoti, womwe mvula ikagwa madzi amangothamanga osalowa pansi. Yesani maenje a zai, njira ya alimi a ku Burkina Faso, kumunsi kwa chipululu cha Sahara. Mlimi wina wa kumeneko, Yacouba Sawadogo, anadzutsa nayo nthaka yoguga mpaka panamera nkhalango.

Yambani m'chilimwe, mu Seputembala momwemo, osadikira mvula. Kumbani maenje otambalala masentimita 30, kuya 20, motalikirana pafupifupi masentimita 80. Dothi lofukulalo muliunjike mbali ya kumunsi kwa dzenje kuti lizitchinga madzi. Ambiri amaphonya pomwepa: akaliika kumtunda, madzi amalambalala dzenjelo, thukuta lonse n'kupita pachabe.

Kenako thirani manyowa owolerana, manja awiri pa dzenje. Chiswe chikabwera chisiyeni, timauna take ndi tomwe timalowetsa madzi pansi.

Mvula yobzalira ikagwa, bzalani mapira kapena mchewere, n'kuphimbira ndi mapesi. Chimanga chimachitanso, koma ine pa malo otentha chotero ndingayambe ndi mapira.

Ku dambo kapena pa dothi lamakande musayerekeze. Madzi amadikha m'maenjemo, mbewu n'kuola.