Musafunse AI chimanjamanja za webusaiti yanu

Amene muli ndi webusaiti ya loji kapena shopu kuno ku Chipata, musamangofunsa ChatGPT kuti "ndikonze pati?" Ikuuzani zimene imauza aliyense, chifukwa makasitomala anu siyiwadziwa. Yambani mwalowa mu Google Search Console, chida cha Google choonetsa momwe anthu amapezera webusaiti yanu, ndi yaulere. Pagawo la Performance sankhani miyezi yonse 16, mutsitse fayilo ya mawu amene anthu amalemba posaka.

Fayiloyo ndiye muipatse AI. Muiuze ikusankhireni mawu amene tsamba lanu limaonekera kawirikawiri koma anthu osadina, makamaka pamene mukukhala pa nambala 8 mpaka 20 pa zotsatira za Google. Ndalama zagona pamenepo. Mwina anthu akufuna malo ogona pafupi ndi malire a Mwami kapena panjira ya ku Mfuwe, pomwe mutu wa tsamba lanu ukungotchula dzina la loji basi. Muifunsenso miyezi imene anthu amasaka kwambiri. Nc'wala imachitika mu Febuluwale ku Mtenguleni, ndiye tsamba lake likonzeni Disembala asanathe, poti Google sithamanga.

Zimene AI yawonkhetsa muzionenso nokha, pamasamu imaphonya ndithu. Mitengo ya zipinda lembani nokha, ikapanda kuidziwa imangopeka.