Mmene Mungaonere Mizere ya Kuwala Imene Bunsen ndi Kirchhoff Anaona

Ku Germany kuli mphoto yotchedwa Bunsen-Kirchhoff, imene imaperekedwa kwa asayansi amene apambana pa luso lozindikira zimene zili m'chinthu poyang'ana kuwala kwake. Mphotoyi imakumbutsa Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff, amene anayambitsa lusoli mumzinda wa Heidelberg mu 1859, ndipo maziko a ntchito yawo mungathe kuwaona nokha ndi katoni yaing'ono ndi CD yakale.

Yambani ndi kuboola bowo mbali imodzi ya katoniyo, ndipo mumatepo malezala awiri moyang'anizana kuti pakati pawo patsale kampata koongoka kosaposa milimita imodzi. Kampata kameneka ndiye mwini nkhani, pakuti kakakula mitundu imalowana n'kungooneka ngati utawaleza wosalongosoka, koma kakachepetsetsa simuona kanthu. Mbali inayo chekani mzere wopendekera pafupifupi madigiri 60, mulowetsemo CD, mbali yonyezimira itapenya kumene kukulowera kuwala, kenaka muboole kabowo kosuzumirapo pamwamba pake. Matani ndi tepi yakuda paliponse pamene pakulowa kuwala kwina. CD imamwaza kuwala chifukwa ili ndi timizere pafupifupi 625 pa milimita iliyonse.

Mukalozetsa kampatako ku babu lakale lokhala ndi kawaya koyaka mkati, muona mitundu yonse italumikizana kuyambira yofiira mpaka yofiirira ngati papo. Babu la fluorescent limaonetsa mizere yodukizadukiza, ndipo wobiriwira wa pa nanomita 546 (nanomita ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala) ndi wabuluu wa pa 436 ndi ya mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene chili mkati mwake. Musalozetse chipangizochi ku dzuwa, chifukwa mungawononge maso.

Tsopano zimitsani nyali, munyowetse nsonga ya waya wopanda litsiro, muiviike mumchere n'kuiika pa lawi la gasi. Kandulo sikoyenera kwenikweni, popeza lawi lake ndi lachikasu kale, ndipo n'chifukwa chake Bunsen ankagwiritsa ntchito mbaula yake ya lawi losawala. Mukalozetsa kampatako ku lawilo, muona mzere umodzi wachikasu wowala kwambiri, wa sodium amene ali mumchere, pa nanomita 589, ndipo malo ake sasintha ngakhale mutabwereza kangati. Mu 1860, Bunsen ndi Kirchhoff ataona mizere iwiri yabuluu yachilendo m'madzi a kasupe wa ku Dürkheim, anadziwa kuti apeza chinthu chatsopano, popeza chinthu chilichonse chili ndi mizere yakeyake, ndipo anachitcha caesium.