Momwe mungalumikizire nyali za chifunga pa lole, ndi zomwe malamulo amafuna

Madalaivala amene amayenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu mpaka kukafika ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, amadziwa kuti pali nthawi zina pamene nyali zikuluzikulu za galimoto sizithandiza kwenikweni. M'miyezi ya June ndi July chifunga chimakuta mapiri otsikira ku Chikwawa ndipo m'mamawa nkhungu imagona m'mbali mwa Shire, pomwe m'chilimwe vuto limakhala fumbi la m'misewu ya dothi ya ku East Bank pamodzi ndi utsi wa nzimbe ndi tchire. Dalaivala akayatsa fulu pa nthawi yotere, kuwala kumagunda timadontho ta madzi kapena fumbi n'kubwerera m'maso mwake. Nyali za chifunga zinapangidwa kuti zithetse vuto limeneli: zimamangidwa pansi, kuwala kwake kumamwazikira m'mbali, ndipo kumadulidwa pamwamba kuti kudutse kunsi kwa chifunga n'kuonetsa m'mphepete mwa msewu. Ntchito yake ndi kuonetsa pafupi, osati patali, ndipo kagulidwe, kalumikizidwe ndi kagwiritsidwe ntchito kake zonse zimachokera pa mfundo imeneyi.

Yambani ndi kudziwa mphamvu ya magetsi a galimoto yanu. Mapikiapu monga Hilux amayendera 12V, pomwe malole ambiri a dizilo, kuphatikizapo ma Canter ndi ma Isuzu ambiri onyamula thonje, makala, njerwa kapena ng'ombe, amayendera 24V kudzera m'mabatire awiri olumikizidwa motsatizana. Mababu, relay (kachipangizo kamene switchi imakalamula kuti katsegule ndi kutseka njira ya magetsi a nyali) ndi kanyali ka mu switchi zonse ziyenera kugwirizana ndi mphamvu imeneyi, popeza babu la 12V likalandira 24V limapsa nthawi yomweyo. Pali chizolowezi cha amakaniko ena chotenga magetsi a 12V pa batire limodzi mwa awiriwo. Musalole zimenezi, chifukwa mabatirewo amayamba kutchajidwa mosiyana, ndipo pakapita miyezi mudzagula awiri atsopano.

Mukafika m'sitolo, samalani kuti asakugulitseni masipotilaiti kapena mtanda wautali wa LED n'kukuuzani kuti ndi nyali za chifunga. Pemphani wogulitsa kuti ayatse nyaliyo moloza khoma: yeniyeni imajambula mzere wa kuwala wopingasa wokhala ndi malire ooneka bwino pamwamba, pomwe sipotilaiti imajambula chozungulira chowala kwambiri pakati. Kaya musankha yoyera kapena yachikasu zili kwa inu. Ambiri amakonda yachikasu poti sitopetsa maso, koma chimene chimagwira ntchito ndi kapangidwe ka galasi ndi malo amene nyaliyo yamangidwa, osati mtundu wake. Kwa ife a m'chigwa cha Shire, kumene madzi osefukira adawononga misewu mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndiponso nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, ndi nzeru kugula nyali zolembedwa IP67, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo zimapirira kumizidwa m'madzi kwa kanthawi. Gulaninso relay ya mapini anayi, fyuzi ndi kabokosi kake, switchi yokhala ndi kanyali, waya wa 2.5 mm² wonyamula magetsi a nyali, waya wa 1 mm² wa ku switchi, timapaipi totetezera mawaya ndi zomangira zapulasitiki.

Kukula kwa fyuzi sikongoyerekeza, kumawerengedwa. Mababu awiri a H3 a 55W ali ndi 110W pamodzi, ndipo mukagawa ndi 12V mupeza kuti amakoka pafupifupi 9A, choncho fyuzi ya 15A ndi yoyenera. Pa lole ya 24V mababu ake amakhala a 70W, awiri 140W, zomwe zimapereka pafupifupi 6A, ndipo fyuzi ya 10A imakwana. Nyali za LED zimakoka magetsi ocheperapo, koma kawerengedwe ndi komweko.

Musanakhudze waya uliwonse, zimitsani injini, zulani kiyi ndi kumasula chingwe cha negative pa batire. Kenako mangani nyali pa bampala kapena pansi pake, ziwiri zokha, zofanana msinkhu komanso zotalikirana mofanana kuchokera pakati pa galimoto. Muyezo wa United Nations umene opanga galimoto ambiri amatsata umati nyali za chifunga zakutsogolo zisatsike kupitirira 250 mm kuchokera pansi, zisakwere kuposa nyali za dimu, ndipo zisalowe m'kati kupitirira 400 mm kuchokera m'mphepete mwa galimoto. Ngati lole yanu imalowa m'minda kapena kuwoloka mitsinje ya mchenga monga Mwanza, musazitsitse mpaka pa malire a 250 mm, chifukwa mudzazisiya pa chitsa. Mabawuti muwamange ndi mawashala a sipulingi, apo ayi mabampu adzatembenuza nyali kuti ziloze kumwamba.

Tsopano tifike pa relay, pamene pagona ntchito yonse. Ambiri amailumpha n'kudutsitsa magetsi onse a nyali mu switchi ya pa dashibodi, ndipo zotsatira zake ndi switchi yosungunuka kapena fungo la waya wopsa m'kati mwa kabini. Relay imalola kuti switchi inyamule magetsi ochepa chabe, pomwe magetsi ambiri akuyenda njira yaifupi kuchokera ku batire kupita ku nyali. Mukaitembenuza muona manambala anayi olembedwa pafupi ndi mapini: 30, 87, 85 ndi 86. Waya wa 2.5 mm² uchoke pa positive ya batire, udutse pa fyuzi, ukafike pa pini 30. Fyuziyo ikhale pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira 30 cm, chifukwa chigawo cha waya chimene chili pakati pa batire ndi fyuzi sichitetezedwa ndi kanthu, ndipo chikakhudza chitsulo chimayaka moto. Kuchokera pa pini 87 waya wina wa 2.5 mm² upite kutsogolo n'kugawikana kuti nyali iliyonse ilandire wakewake. Pini 85 ipite ku earth, kutanthauza ku chitsulo cha chasisi, ndipo pini 86 ilandire waya wochokera ku switchi. Ngati mwapeza relay ya mapini asanu, pini yapakati yolembedwa 87a musailumikize ku chilichonse koma muiphimbe bwino, popeza imakhala ndi magetsi nthawi imene nyali zili zozima. Relay yeniyeniyo muimangirire pamalo okwera, kutali ndi ekizozi, mapini ataloza pansi kuti madzi asadikhemo.

Funso lotsatira ndi lakuti switchi itenge kuti magetsi ake. Njira yabwino ndi kuwatenga pa waya wa nyali za paki, umene mungaupeze ndi tesita poyatsa ndi kuzimitsa nyalizo mutabwezeretsa batire kwa kanthawi. Mukatero, nyali za chifunga siziyaka pokhapokha mapaki ndi nyali zofiira zakumbuyo zitayaka, kotero wobwera pambuyo panu amakuonani, ndiponso mukazimitsa nyali zonse pofika kunyumba simudzadzuka batire litatha. Switchi ikhale pamene dzanja lifika mosavuta, ndipo kanyali kake kazioneka mukakhala pa chiwongolero. Pa galimoto zochokera ku fakitale chizindikiro cha nyali za chifunga zakutsogolo chimakhala chobiriwira, cha yakumbuyo chachikasu.

Earth ya nyali iliyonse imangidwe pa chasisi penipeni, mutapala penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, kenako mupakepo girisi pang'ono. Nyali imodzi ikamawala mofooka kuposa inzake, kawirikawiri vuto limakhala pamenepa.

Kutentha kwa kuno nakonso kuli ndi mbali yake pa ntchitoyi. Ku Ngabu ndi ku Nsanje m'miyezi ya October ndi November kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo pafupi ndi injini kumaposa pamenepo, moti tepi yakuda yotchipa imasanduka phala n'kumasuka yokha. Mawaya musangowapotana ndi zala. Afinyeni m'zolumikizira zake kapena muwawotcherere, n'kuphimba ndi kapaipi kofota ndi moto. Pamene waya akulowa m'kabini adutse pa bowo lokhala ndi labala. Ndipo ngati lole yanu ndi ya kabini yopendeketsa, waya atsate njira ya mawaya akale kudzera pa hinji yakutsogolo, mutasiya mpata wokwanira, chifukwa mukamukoka mwachidule adzaduka tsiku loyamba limene makaniko adzakweze kabiniyo.

Mukabwezeretsa chingwe cha batire, yatsani mapaki ndi kudina switchi. Muyenera kumva relay ikulira kamodzi, nyali n'kuyaka zonse. Fyuzi ikapsa, pali waya amene wakhudza chitsulo, ndipo mankhwala ake ndi kumufufuza, osati kuika fyuzi yaikulu kapena kumangapo kawaya. Zisiyeni ziyake kwa mphindi 10 injini ikulira, kenako gwirani mawaya ndi relay kuti mumve ngati pali potentha.

Kulunjika nyali kumachitika usiku, pamalo athyathyathya, lole itaima mamita 10 kuchokera pa khoma. Yezani msinkhu wa pakati pa nyali kuchokera pansi, jambulani mzere wa choko pa khoma pa msinkhu womwewo, kenako jambulani wina 20 cm kunsi kwake. Malire apamwamba a kuwala agwere pa mzere wachiwiriwu. Kumbukirani kuti lole ikasenza matumba, kumbuyo kumatsika ndipo kutsogolo kumadzuka, choncho ndi bwino kuyezanso ili ndi katundu amene imanyamula masiku onse.

Pa za malamulo, nkhani za pamsewu m'Malawi zimayendetsedwa ndi Road Traffic Act ya 1997 pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono ochokera m'menemo, ndipo amene amayang'anira ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services mothandizana ndi apolisi apamsewu. Galimoto ikapita kukayezedwa kuti ilandire COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, nyali ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimaunikidwa, kotero ndi bwino kufunsa ku ofesi ya nthambiyi musanaboole bampala, makamaka ngati mukufuna kuwonjezera zina kupatula nyali ziwirizi. Kutsogolo kumafunika kuwala koyera kapena kwachikasu, kofiira n'kwa kumbuyo, ndipo nyali zabuluu ndi za apolisi. Nyali za LED zosinthasintha mitundu kapena zophethira zisiyeni m'sitolo momwemo. Amene amayenda ulendo wa ku Johannesburg adziwe kuti malamulo a South Africa a chaka cha 2000 amanena mosabisa kuti nyali za chifunga ziyatsidwe pokhapokha ngati sikukuoneka bwino chifukwa cha chipale chofewa, chifunga, nkhungu, fumbi kapena utsi, ndipo woziyatsa kunja kuli ngwee atha kulipitsidwa.

Ndi maganizo anga kuti dalaivala aliyense wa m'chigwa atsate mfundo imeneyi ngakhale pasakhale wapolisi pafupi. Pakati pa Dyeratu ndi Bangula msewu umadzaza usiku ndi akabaza, njinga zosenza matumba, ngolo zopanda zonyezimira, mbuzi ndi ng'ombe. Wanjinga amene wathobwa m'maso ndi nyali zinayi za lole saona dzenje kapena m'mphepete mwa phula, ndipo dalaivala wobwera kutsogolo kwanu naye saona ngolo imene ili patsogolo pake. Usiku wopanda chifunga, nyalizi zimakupusitsaninso inu nomwe, poti kuwala kwambiri pafupi ndi bampala kumachititsa kuti maso asaone bwino patali. Mukalowa m'chifunga kapena m'fumbi, chotsani fulu, ikani dimu, yatsani nyali za chifunga ndi kuchepetsa liwiro kufikira poti mutha kuima m'kati mwa mtunda umene mukuona, ndipo mukangotulukamo zizimitseni. Nyali yofiira ya chifunga yakumbuyo, ngati mwaikanso, ikhale ndi switchi yakeyake, chifukwa imawala ngati ya buleki ndipo imasokoneza wokutsatirani ikasiyidwa yoyaka.