Mwezi Wabwino Wokaona Nyama ku Majete, Lengwe ndi Liwonde

Nyama zimatsata madzi, choncho musanasankhe mwezi dzifunseni kuti m'tchiremo madzi ali pati. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, chithaphwi chilichonse chimakhala chodzaza, nyama zimabalalika, ndipo udzu umatalika moti njati ikhoza kuima m'mbali mwa msewu inu osaiona. Ikafika Ogasiti zithaphwi zimaphwa, mitengo imayoyola masamba, ndipo njovu, njati ndi nswala zimatsikira ku Shire kapena kumadamu ochepa amene atsala.

Kwa wochokera ku Blantyre, Ogasiti ndi Seputembala ndiyo miyezi yosadandaulitsa. Majete ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70, kutsika phiri la Thabwa kulowa ku Chikwawa. Nyamukani kusanache kuti dzuwa likutulukireni muli pachipata, chifukwa mikango, imene inabwezeretsedwa kumeneko mu 2012, imabisala pamthunzi kukangoyamba kutentha. Masana mungoona njiri ndi anyani. Nthawi imeneyo ndi yokapuma ku mathithi a Kapichira, n'kudzayambanso kuzungulira cha m'ma 3 koloko.

Okutobala ndi mwezi umene nyama zimaoneka kwambiri, koma kuchigwa cha Shire kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Galimoto imene ili ndi vuto la radiyeta imawira pokwera Thabwa pobwerera. Yang'anani madzi ndi fani musananyamuke, ndipo munthu aliyense akhale ndi malita osachepera 3 a madzi akumwa. Ana aang'ono ndi agogo, mwezi umenewu ayi ndithu. Komabe ku Lengwe, kufupi ndi Nchalo, mukakhala chete m'kanyumba koonera nyama pafupi ndi dziwe m'mamawa, mudzaona boo (nyama imene pa Chingerezi amati nyala) akubwera kudzamwa mmodzimmodzi, akununkhiza mphepo asanaweramitse mutu.

Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chakuta Soche ndi Ndirande, kumunsi kumakhala bwino, kungoti udzu umakhala usanagwe. Tengani juzi, m'mawa kumazizira.

Dzinja lili ndi zake. Ku Liwonde, kudzera ku Zomba, mbalame zochokera kutali zimakhala zafika, nswala zimakhala ndi tiana, ndipo mvuu ndi ng'ona mumaziona muli m'boti chaka chonse. Vuto ndi misewu. Dothi la makande likanyowa limamata matayala, galimoto n'kutitimira, ndipo misewu ina ya m'kati imatsekedwa. Imbani foni kupaki tsiku loti mawa mukunyamuka, mufunse ngati mukudutsika. Januwale mpaka Malichi ndiyo miyezi ya namondwe, monga Freddy wa mu Malichi 2023, amene anadula misewu yambiri kumwera kuno. Udzudzu nawo umachuluka, ndiye mukagona komweko gonani m'neti.

Nyengo iliyonse, musaiwale chiphaso cha unzika, chifukwa Amalawi amalipira ndalama zochepa pachipata kusiyana ndi alendo akunja. Pewani zovala zakuda kapena zabuluu, zimaitana kashembe.