Mmene mungathandizire agogo kulimbitsa thupi ali pampando

M'mabanja ambiri, munthu akakalamba timamulanda ntchito zonse chifukwa cha ulemu. Agogo akafuna kusesa, mdzukulu amathamangira tsache, ndipo akati adzuke kukatunga madzi akumwa, wina amawaletsa n'kunena kuti, "Khalani pansi agogo, ndikubweretserani." Mtima wake ndi wabwino, koma thupi limene siligwira ntchito limafooka msanga, ndipo minofu ya m'ntchafu ikatha mphamvu, munthu amayamba kulephera kudzuka yekha pampando, kutsika pakhonde kapena kunjuta m'chimbudzi. Amene wafika pamenepa amadalira ena pa chilichonse, ngakhale pa zinthu zimene amachita nazo manyazi. Masewero ochita munthu ali pampando cholinga chake chachikulu n'choteteza mphamvu zimenezi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo amene linatulutsa mu 2020, limanena kuti anthu a zaka 65 kapena kuposerapo azichita zinthu zotakasa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri, ndiponso azichita masewero othandiza kuti asamagwe masiku osachepera atatu. Mphindi 150 ndi theka la ola pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo palibe choletsa kuligawa theka la olalo m'zigawo zing'onozing'ono. Malangizo omwewo amanenanso kuti wolephera kufika pamenepo achite zimene thupi lake lingathe, popeza pang'ono pomwepo pamaposa kungokhala. Kwa agogo amene akhala nthawi yaitali osachita kanthu, mphindi 10 n'zokwanira poyambira.

Ngati agogo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima kapena a shuga, kapena anafapo ziwalo, yambani mwafunsa kuchipatala kumene amalandira mankhwala. Odwala shuga asachite masewerowa ndi njala.

Choyamba kukonza ndi mpando. Ukhale wolimba, wotsamira bwino kumsana, ndipo utalike moti munthu akakhalapo, mapazi onse aponde pansi bwinobwino ndipo mawondo asakwere kuposa chiuno. Mpando wandalema ndi wabwino popumira koma suyenera pa ntchito imeneyi chifukwa umagoneka msana, ndipo sofa imamiza munthu moti kudzukamo n'kovuta. Mipando yapulasitiki yopepuka imaterera pasimenti ndipo ina miyendo yake imatagada, choncho ngati ilipo ndi yomweyo, igunditseni kukhoma. Agogo avale nsapato zogwira phazi lonse kapena aponde pansi opanda nsapato, osati kuvala mapatapata. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala chitani masewerowa m'mawa pamthunzi, madzi akumwa ali pafupi, pamene m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ndi bwino kudikira nthawi imene agogo atuluka kukaothera dzuwa, popeza mfundo zouma ndi chisanu sizifuna kudzidzimutsidwa.

Yambani ndi kutenthetsa thupi kwa mphindi zitatu. Agogo akhale mowongoka, asunthire pang'ono kutsogolo kwa mpando, kenako aziponda pansi mosinthanitsa miyendo ngati akuguba, manja akutsatira. Akatero azunguze mapewa cham'mbuyo, atembenuze mutu pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere, ndipo azunguze phazi lililonse pa kakolo. Khosi lisazunguzidwe mozungulira monse kapena kupindidwira kumbuyo, chifukwa kwa okalamba ena zimenezi zimabweretsa chizungulire.

Nthawi yambiri ithere pa miyendo. Agogo awongole mwendo umodzi mpaka bondo litawongoka, zala zitaloza kumwamba, awerenge mpaka 3, kenako autsitse pang'onopang'ono osaugwetsa. Kutsitsako n'kofunika mofanana ndi kukwezako, ndipo mukaika dzanja lanu pantchafu yawo mumamva mnofu ukulimba. Achite zimenezi ka 8 mwendo uliwonse. Akamaliza akweze zidendene zala zili pansi, kenako akweze zala zidendene zili pansi, chifukwa phazi limene silinyamuka bwino ndi limene limapunthwa pa muzu kapena pa mphepete mwa mkeka.

Sewero loposa onse ndi la kudzuka ndi kukhalanso. Agogo asunthire kutsogolo kwa mpando, abweze mapazi pang'ono kuti akhale pansi pa mawondo, aweramire kutsogolo mpaka mphuno itafika pamwamba pa zala za kumapazi, ndiyeno akankhe pansi ndi miyendo n'kuimirira. Aime kaye mpaka atakhazikika, kenako akhalenso mosadziponya. Masiku oyamba angathe kukankha mpando ndi manja, m'kupita kwa nthawi agwiritse dzanja limodzi, ndipo pomaliza apinde manja pachifuwa. Inuyo imani pambali pawo, dzanja lili pafupi ndi msana wawo, koma musawakoke manja, chifukwa kukoka kumapweteka mapewa ndiponso kumachititsa kuti ntchito yonse muigwire ndinu. Amene sangathe kuimirira n'komwe ayesere kungonyamula thupi pang'ono kuchoka pampando ndi kubwerera. Kasanu n'kokwanira poyamba.

Za manja sizifuna zipangizo zogula. Botolo lodzaza madzi la theka la lita limalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo agogo angalinyamule kuchokera pantchafu kufika paphewa, kenako kulikweza m'mwamba mpaka pamene phewa likulola. Chitenje chopindidwa ngati chingwe achigwire kunsonga zonse ziwiri, achikoke ngati akufuna kuching'amba, n'kuchikweza chili chokokedwa. Zimenezi zimathandiza povala malaya, pomanga duku ndi potsitsa chinthu pathandala.

Pa masewero onsewa agogo asamagwire mpweya, chifukwa kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi. Njira yosavuta ndi yowauza kuti aziwerenga mokweza, popeza munthu sangawerenge atatseka mpweya. Ngati akutha kuyankhula koma akupuma mofulumirirako, ndiye kuti muyezo wake uli bwino, koma akamalephera kumaliza chiganizo, chepetsani. Kumva kuphwanya pang'ono m'minofu tsiku lotsatira si koopsa. Koopsa ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, chizungulire, kuona mdima, kufooka kwadzidzidzi kwa mbali imodzi ya thupi kapena ululu wobaya m'mfundo, ndipo zimenezi zikaoneka siyani nthawi yomweyo n'kupita nawo kuchipatala. Odwala nyamakazi, tsiku limene bondo latupa ndi kutentha, angoligwedeza pang'ono popanda kulilemetsa.

Kunena zoona, okalamba ambiri sakonda kuuzidwa kuti akweze mwendo kakhumi popanda chifukwa chooneka, ndipo ena amaona ngati mukuwasandutsa ana. N'chifukwa chake ndi nzeru kuphatikiza masewerowa ndi zinthu zimene amazidziwa kale. Bawo ndi chitsanzo chabwino kwambiri: ili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo wosewera amatola nkhomo ndi zala, amatambasula dzanja kufika kumapeto kwa mzere, uku mutu ukuwerengera kumene nkhomo yomaliza ikagwere. Koposa pamenepo, bawo imabweretsa anzawo pakhomo. Vuto lake n'lakuti anthu amatha kukhalapo maola ambiri atawerama, choncho gwirizanani kuti masewero amodzi akatha, onse aimirire ndi kudziwongola asanayale nkhomo kachiwiri.

Kutonola chimanga, kusenda mtedza, kusankha nyemba m'lichero, kuluka mphasa ndi madengu kapena kupota chingwe ndi ntchito zolimbitsa zala, ndipo zimamukumbutsa munthu kuti akufunikabe pakhomo. Musawaunjikire thumba lathunthu, koma musawalandenso lichero.

Nyimbo nazo zili ndi mphamvu yake. Mayi amene anavinapo chimtali ali mtsikana, akamva nyimbo yake mapewa amayamba okha kugwedezeka ngakhale ali pampando, ndipo bambo amene anali m'gulu la beni kapena malipenga amaponda pansi motsatira ng'oma popanda womuuza. Kuomba m'manja, kuponda ndi kuimba kwa mphindi 10 kumatakasa mtima mokwanira. Ngakhale agogo amene ayamba kuiwalaiwala kawirikawiri amakumbukirabe nyimbo za kutchalitchi kapena za paubwana wawo, choncho kwa iwowa yambani ndi nyimbo, ndipo muziwaonetsa chochita m'malo mowafotokozera ndi mawu ambiri. Adzukulu angabwere ndi mpira wachikulunga kuti aziponyerana ndi agogo chapafupi, nthawi zina cha kumanja, nthawi zina cha kumanzere, kuti thupi lizolowere kupendekeka ndi kubwerera.

Kuti mudziwe ngati zikuthandiza, kamodzi pamwezi werengani kuti agogo akutha kudzuka ndi kukhala kangati pa masekondi 30, pampando womwewo, ndipo lembani nambalayo. Ikamakwera, onjezerani pang'ono kuchuluka kwa masewero kapena kulemera kwa botolo. Ikamatsika mwezi ndi mwezi ngakhale akuchita masewero, kapena agogo akagwa ngakhale kamodzi, apite kukaonedwa kuchipatala, ndipo mutenge mankhwala onse amene akumwa, popeza ena mwa iwo amachititsa chizungulire munthu akamadzuka.